Chisinthiko cha zamoyo ndi nkhani ya kulenga: mwana wa Fomu 4 agwire ziti?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Senga Bay m'boma la Salima, yemwe ndi mkulu wa mpingo komanso mwini chilimira. Iwo alemba kuti: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4, ndipo m'phunziro la Biology akuphunzira kuti zamoyo zinachita kusintha pang'onopang'ono, ndiponso kuti munthu anachokera kwa nyani. Ife kunyumba ndi kutchalitchi timamuphunzitsa kuti Mulungu analenga zonse m'masiku asanu ndi limodzi. Kodi zoona ndi ziti? Ngati tinachokera kwa anyani, bwanji anyani akadalipo m'mapiri a Senga? Nanga pamayeso mwanayu azilemba zimene sakuzikhulupirira?"

Bambo, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo ndiyamba ndi kukuuzani pamene ine ndaima. Zimene mwana wanu akuphunzira, zomwe mabuku ake amazitcha evolution ndipo ine ndizizitcha chisinthiko cha zamoyo, zili ndi umboni wochuluka ndi wolimba, ndipo gawo lina la umboniwo mumalikoka nokha ndi chilimira chanu. Komabe chiphunzitsochi sichinena kuti kulibe Mulungu, ndipo chilibe njira yonenera zimenezo. Chimene chimawombana nacho ndi kawerengedwe kamodzi ka buku la Genesis, kamene kamati dziko lili ndi zaka pafupifupi 6,000 ndipo mtundu uliwonse wa chamoyo unaoneka m'sabata imodzi monga ulili lero. Pamenepo mkangano ulipodi, ndipo sindikubisirani.

Chiphunzitso cha chisinthiko chimatsamira pa zinthu zimene mlimi ndi msodzi aliyense amazidziwa kale. Ana a kholo limodzi safanana ndendende, zina mwa zosiyanazo amazipatsira kwa ana awo, ndipo zamoyo zimabereka ana ambiri kuposa amene angakule. Choncho ana amene abadwa ndi kanthu kowathandiza kupeza chakudya, kuthawa adani kapena kupirira matenda ndi amene amakula n'kuberekana kwambiri, ndipo pakadutsa mibadwo yambirimbiri mtundu wonse umapezeka utasintha. Charles Darwin wa ku England anafotokoza zimenezi m'buku lake lotchedwa On the Origin of Species m'chaka cha 1859, chaka chomwecho chimene David Livingstone anafika pa nyanja yathu ino, ndipo katswiri wina, Alfred Russel Wallace, anafika pa ganizo lomweli payekha. Darwin sankadziwa mmene makhalidwe amapitira kuchoka kwa kholo kufika kwa mwana. Zimenezo zinadziwika pambuyo pake, kuyambira pa ntchito ya wansembe Gregor Mendel, amene ankakwatitsa mbewu za nsawawa m'munda wa amonke anzake, kufikira pamene akatswiri anaphunzira kuwerenga DNA, yomwe ndi malangizo a kapangidwe ka thupi opezeka m'maselo a chamoyo chilichonse.

Ife a m'mbali mwa nyanja, kumene malungo sachoka pakhomo, kusinthaku tinakuona ndi maso. Kale munthu akadwala malungo ankamwa chloroquine n'kuchira. Koma pakati pa tizilombo ta malungo tosawerengeka panali tochepa tobadwa ndi kusiyana kwakung'ono kotithandiza kupirira mankhwalawo, ndipo tinzake tikamafa, itoto tinkapulumuka n'kuchulukana, mpaka mankhwala anasiya kuchiza. Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba Fansidar, ndipo Fansidar atafookanso mwa njira yomweyo tinasamukira ku LA mu 2007. Chloroquine atachotsedwa, tizilombo topirira tija tinayamba kuchepa, popeza kupirirako kunkatifooketsa m'njira zina ndipo popanda mankhwala tinkagonja kwa tinzake, kotero kuti kafukufuku wa ku Blantyre amene anasindikizidwa mu 2006 anapeza kuti chloroquine anachiritsanso ana 99 mwa ana 100 alionse. Sindikunena kuti mukagule chloroquine. Mankhwala oyenera ndi amene akupatsani kuchipatala. Ndikungosonyeza kuti chiphunzitsochi chimafotokoza zinthu zimene zachitika m'magazi athu omwe.

Ndikudziwa chimene mungayankhe, chifukwa ambiri amayankha chomwecho: kachilombo kasintha, koma kakadali kachilombo ka malungo, sikanasanduke chinthu china. Yankho limenelo ndi lanzeru, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna kuti titsikire kudoko.

M'nyanja ya Malawi muli mitundu ya nsomba yambiri kuposa m'nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Akatswiri amayerekeza kuti gulu la mbuna, utaka, ncheni, kambuzi ndi chisawasawa lili ndi mitundu 800 kapena kuposerapo, ndipo pafupifupi yonseyo sipezeka kwina kulikonse. Ikani utaka ndi ncheni pa thandala limodzi muziyang'ane. Utaka uli ndi kakamwa kamene mukakakoka kamatambasuka kutsogolo, koyenera kuyamwira tizilombo toyandama m'madzi, pamene ncheni ndi yaitali, yowonda, ya mano osongoka ogwirira usipa. Mbuna za m'miyala zili ndi mizere ya timano tothinana topalira ndere, ndipo zina kamwa yake inayang'ana pansi kotero kuti zimadya zitakhudza mwala ndi mimba. Ilipo nsomba ina imene imadya mamba ndi zipsepse za nsomba zinzake, ina imaphwanya nkhono ndi mano a kukhosi, ndipo ina, imene asodzi amaitcha kalingono, imagona chammbali pa mchenga ngati yafa n'kumagwira tinsomba tobwera kudzaijompha. Komatu mukazitumbula n'kuzipenda bwino, zonsezi zamangidwa pa chimango chimodzi. Zonse zili ndi nsagwada zachiwiri kukhosi, ndipo zazikazi zonse zimafungatira mazira ndi ana m'kamwa, monga mumaonera tiana tikulavulidwa nsomba ikagwera m'bwato.

Mu 2018 akatswiri anasindikiza zimene anapeza atawerenga DNA yonse ya mitundu 73 ya nsombazi, ndipo kusiyana kwa mtundu wina ndi unzake kunali pakati pa 0.1 ndi 0.25 peresenti chabe. Kufanana kotereku kumasonyeza kuti zonsezi zinachokera kwa makolo amodzi, nsomba za m'mitsinje zimene zinakhazikika m'nyanja muno zaka pafupifupi miliyoni imodzi zapitazo kapena kucheperapo. Chambo, ngakhale ndi wachibale, ali pa nthambi ina ya banjali, pamene usipa, mpasa ndi kampango ndi za mabanja ena ndithu. Mmene kholo limodzi linabalira mitundu yochuluka chonchi timauonanso. Mbuna sizikonda kuchoka pa miyala yake, ndipo sizidutsa mchenga wautali kapena madzi akuya, choncho za pa zilumba za Maleri, za pa Namalenje ndi za ku Mbenji zimakhala zikuberekana pazokhapazokha. Zazikazi zimasankha zazimuna poona maonekedwe ndi mawanga, ndipo pakapita nthawi magulu amene analekana amafika posiyana maonekedwe mpaka kuleka kukwatirana ngakhale atakumananso. Mu 2005 akatswiri anaboola pansi pa nyanja n'kutulutsa matope amene akhala akuunjikana kwa zaka zoposa miliyoni imodzi, ndipo matopewo anasonyeza kuti nyanjayi, yomwe lero ndi yakuya mamita pafupifupi 700, inaphwapo kangapo mpaka madzi kutsika mamita mazana angapo, kenako n'kudzazanso. Nthawi iliyonse imeneyo zilumba zinkalumikizana n'kulekananso, ndipo nsomba zinkasakanikirana n'kupatukananso. N'chifukwa chake bungwe la UNESCO, poika Lake Malawi National Park m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1984, linayerekeza kufunika kwa nsomba zathu ndi kwa mbalame za pa zilumba za Galapagos zimene Darwin anafikako mu 1835.

Anthu ambiri okhulupirira kulenga kwa masiku asanu ndi limodzi amavomereza zonsezi, n'kunena kuti Mulungu analenga magulu akuluakulu ndipo kusintha kumachitika mkati mwa gulu lokha. Vuto langa ndi ganizo limeneli ndi lakuti palibe amene anapezapo mpanda umene umaimitsa kusinthako. Njira yomweyo yowerengera DNA imene imasonyeza kuti utaka ndi ncheni ndi pachibale imapitirira n'kusonyeza chibale chawo ndi chambo, kenako ndi nsomba zina, kenako ndi achule, mbalame ndi nyama zoyamwitsa, chibalecho chikumka chitalikira koma osaduka. Komanso dziko likanakhala la zaka 6,000, mitundu 800 ija ikanayenera kupangika mofulumira kuposa mmene wasayansi aliyense amanenera.

Zaka 6,000 zimenezi sizinalembedwe m'Baibulo. Zinachokera pa kuwerengetsa mibadwo ya m'Chipangano Chakale, ndipo kuwerengetsa kodziwika kwambiri ndi kwa bishopu wamkulu James Ussher wa ku Ireland, amene mu 1650 anati dziko linalengedwa m'chaka cha 4004 Khristu asanabadwe. Akatswiri a miyala amayeza zaka mwa njira ina. Uranium, monga amene amapezeka ku Kayelekera, amasanduka mtovu pa liwiro lodziwika ndi losasintha, moti theka la mtundu wake wofala kwambiri limatenga zaka pafupifupi 4.5 biliyoni kuti lisanduke. Ndiye poyeza kuchuluka kwa uranium ndi mtovu m'mwala amadziwa nthawi imene mwalawo unauma. Njira zina zodalira zinthu zosiyana ndi uranium zimapereka mayankho ogwirizana, ndipo zonse pamodzi zimati dziko lapansi lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni. Mwana wanu atapita ku nyumba yosungira zakale ku Karonga akaona chimango cha Malawisaurus, chinyama chachikulu chimene chinkayenda m'dera limenelo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndipo m'miyala imene mafupa ake anapezeka mulibe fupa la munthu, ng'ombe kapena njovu ngakhale limodzi.

Tsopano tifike pa anyani a m'mapiri a Senga. Sayansi sinena kuti munthu anachokera kwa nyani amene mumamuona akuba chimanga, ngakhalenso kwa chimpanzi wa ku Congo. Imati munthu ndi chimpanzi anali ndi kholo limodzi limene linakhala mu Africa zaka pakati pa 6 ndi 7 miliyoni zapitazo, ndipo kholo lathu ndi anyani a kuno ndi lakale kwambiri kuposa pamenepo. Taganizirani zilankhulo za m'mbali mwa nyanja ino. Chichewa sichinachokere ku Chiyao, ndipo Chitonga sichinachokere ku Chichewa, koma zonse zinaphuka pa chilankhulo chimodzi chakale chimene lero palibe akuchilankhula. Ndipo palibe tsiku limene mayi wolankhula chilankhulo chakalecho anabereka mwana wolankhula Chichewa, chifukwa mwana aliyense ankamvana ndi mayi ake, kusiyana n'kumaunjikana m'mibadwo. Chimodzimodzinso palibe nyani amene anaberekapo munthu, ndipo kukhalapo kwa anyani lero sikutsutsa kanthu.

Umboni wa chibalechi uli m'mafupa ndi m'maselo. Ku Uraha m'boma la Karonga, mu 1991, kunapezeka nsagwada ya cholengedwa chotchedwa Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, imene zaka zake anazidziwa poyerekeza mafupa a nyama opezeka nayo pamodzi ndi a kumadera ena a kum'mawa kwa Africa kumene miyala inayezedwa. Ku Ethiopia, mu 1974, kunapezeka mafupa odziwika ndi dzina loti Lucy, a zaka 3.2 miliyoni, a cholengedwa choyenda ndi miyendo iwiri koma cha ubongo waung'ono. M'maselo namo muli chizindikiro chovuta kuchikana. Chimpanzi ali ndi makromozomu, timitolo ta DNA ta m'selo, awiriawiri okwana 24 pamene munthu ali ndi 23, ndipo akatswiri atapenda kromozomu yachiwiri ya munthu anapeza kuti ndi makromozomu awiri olumikizana, ndipo pamfundo pamene analumikizirana pakuonekabe mpaka lero.

Ndikumvetsa chifukwa chake nkhani ya anyani imatipweteka ife anthu akuda kuposa ena. Azungu ena anagwiritsa ntchito dzina la Darwin ponyoza Afirika, ndipo mu 1906 mnyamata wa ku Congo, Ota Benga, anaonetsedwa m'nyumba ya anyani kumalo osungira nyama a Bronx ku New York mpaka abusa achikuda anadzudzula mwamphamvu. Chimenecho chinali chipongwe choipitsitsa, ndipo sayansi yeniyeni inachigwetsa, chifukwa DNA yasonyeza kuti anthu onse a padziko ndi mtundu umodzi wochokera mu Africa, ndipo palibe fuko limene lili pafupi ndi anyani kuposa linzake.

Nanga chikhulupiriro chanu chitsala pati? Choyamba dziwani kuti okhulupirira kulenga sali gulu limodzi. Mpingo wa Seventh-day Adventist ndi mipingo ina yambiri imagwira masiku asanu ndi limodzi a maola 24. Ena, monga a Mboni za Yehova, amakana chisinthiko koma amavomereza kuti dziko ndi lakale kwambiri ndipo masiku a kulenga anali nyengo zazitali. Enanso amavomereza chisinthiko ngati njira imene Mulungu analengera. Papa Pius XII mu 1950 analola kufufuza za chiyambi cha thupi la munthu malinga anthu agwiritse kuti mzimu umalengedwa ndi Mulungu mwini, ndipo Papa John Paul II mu 1996 anavomereza kuti umboni wa chisinthiko wakula kwambiri. Francis Collins, amene anatsogolera ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu, ndi Mkhristu wosabisa chikhulupiriro chake. Abale athu achisilamu a ku Salima ndi ku Nkhotakota nawonso ali ndi zokambirana zawo, popeza Korani imanena za kulenga kwa masiku asanu ndi limodzi komanso imanena kuti tsiku limodzi kwa Mulungu lili ngati zaka 1,000 za anthu, ndipo ambiri mwa ophunzira awo savutika ndi dziko lakale koma amagwiritsa kuti Adamu analengedwa mwapadera.

Kuwerenga masiku a Genesis mosawayesa a maola 24 sikunayambe chifukwa choopa Darwin. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa amene anamwalira mu 430, anaona kale kuti dzuwa likulengedwa pa tsiku lachinayi pamene madzulo ndi m'mawa zatchulidwa kuyambira tsiku loyamba, ndipo anati masiku amenewo sangakhale ofanana ndi athu. Iye anachenjezanso Akhristu kuti asamanene zinthu zolakwika zokhudza chilengedwe m'dzina la Malemba pamaso pa anthu ozidziwa bwino, chifukwa anthuwo adzakana ndi uthenga womwe. Mkangano waukali umene timaumva lero pa wailesi ndi pa intaneti unakulira makamaka ku America, kumene mu 1925 mphunzitsi John Scopes anaimbidwa mlandu ku Tennessee chifukwa chophunzitsa chisinthiko, ndipo mu 2005 khoti la ku Pennsylvania linagamula kuti chiphunzitso chotchedwa intelligent design, chimene chimati zamoyo zinachita kupangidwa ndi wina wanzeru, si sayansi yoti iphunzitsidwe m'kalasi ya Biology. Ndimadandaula kuti ife timalandira mkanganowu ndi ukali wake wonse ngati kuti ndi wathu, pamene makolo athu, posimba za Kaphirintiwa m'mapiri a Dzalanyama, kumene Chauta anatsitsira anthu ndi nyama pamodzi ndi mvula, sankachita manyazi kunena kuti munthu ndi nyama anayamba akukhalira limodzi.

Sindikufuna kukunamizani kuti zonse zimalumikizana mosavuta. Mkhristu amene wavomereza chisinthiko amatsala ndi mafunso olemera: kodi Adamu ndi Hava anali anthu awiri enieni kapena akuimira anthu oyamba onse, nanga imfa imene Paulo amati inabwera chifukwa cha uchimo ndi iti, ngati nyama zinkafa kalekale munthu asanaoneke? Akatswiri a zaumulungu amayankha mosiyanasiyana, ena akuti ndi imfa ya mzimu, ena akuti Mulungu anasankha anthu awiri pakati pa ambiri n'kuwauzira mpweya wake. Amenewa ndi mafunso oti inu, abusa anu ndi mwana wanu mukhalire pansi ndi Baibulo lotsegula, ndipo labotale singakuyankhireni. Asayansi nawonso ali ndi malire awo. Chisinthiko chimafotokoza mmene zamoyo zinachulukira mitundu moyo utayamba kale, koma mmene moyo weniweniwo unayambira ndi nkhani imene ikufufuzidwabe. Ndipo wasayansi akanena kuti chisinthiko chatsimikiza kuti kulibe Mulungu, kapena kuti moyo wa munthu ulibe cholinga, ameneyo wasiya sayansi ndipo akunena za kukhosi kwake, zimene muli ndi ufulu wonse wozitsutsa. Genesis 2 imati munthu anaumbidwa ndi dothi, ndipo ulemu wake unachokera pa mpweya umene Mulungu anamuuzira, osati pa dothilo. Ine sindiona chifukwa chimene chibale ndi zamoyo zina chingachotsere munthu ulemu umene dothi silinamuchotsere.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musamuuze mwanayu kuti aphunzitsi ake ndi abodza kapena kuti asankhe pakati pa Biology ndi Mulungu. Mwana amene wauzidwa kuti chikhulupiriro chake chaima pa zaka 6,000 amadzafika ku koleji, n'kuona umboni ndi maso ake, ndipo kawirikawiri amataya zonse pamodzi, poganiza kuti akuluakulu amene anamulakwitsa pa miyala anamulakwitsanso pa Mulungu. Dziko lino likusowa anamwino, madokotala ndi alangizi a zausodzi omvetsa chifukwa chake munthu ayenera kumaliza mankhwala onse amene wapatsidwa, ndi chifukwa chake udzudzu wa m'maboma a m'mbali mwa nyanja unafika popirira mankhwala ena a m'masikito ndi opopera m'nyumba.

Za mayeso musade nkhawa kuti mwanayu achimwa. Funso la MANEB silimufunsa chimene amapembedza; limamufunsa kuti afotokoze chimene chiphunzitsocho chimanena ndi umboni wake, ndipo kufotokoza molondola maganizo a munthu wina si bodza, ngakhale iye akadali kusinkhasinkha. Mumuuze kuti asalembe kuti munthu anachokera kwa nyani, chifukwa yankho limenelo ndi lolakwika ngakhale kwa wochonga. Alembe kuti anali ndi kholo limodzi. Asalembenso kuti tizilombo ta malungo tinazolowera mankhwala kapena kuti nsomba inasintha kamwa chifukwa inkafuna kudya ndere, popeza maganizo oti chamoyo chimapatsira ana zimene chazolowera m'moyo wake ndi a katswiri wina wa ku France, Lamarck, osati a Darwin. Alembe kuti kusiyanako kunalipo kale pakati pa zobadwa, ndipo zimene zinali ndi kusiyana kothandiza ndi zimene zinapulumuka n'kubereka ana ambiri.